Akuberani pa Airtel Money kapena Mpamba? Kadandauleni motere

Ndalama yobedwa pa foni sigona pa nambala ya wakubayo. Amaikankhira ku nambala ina kapena amathamangira kwa ejenti kukaitapa. Ndiye musayambire ku polisi ayi. Yambirani ku kampani ya foni, pompopompo, ngakhale pakati pa usiku.

Imbirani ofesi yothandiza makasitomala ya Airtel kapena TNM, munene mosapita m'mbali kuti mwaberedwa ndipo mukupempha kuti atseke akaunti yomwe ndalamayo yalowa. Ngati munaulula PIN, isintheni nthawi yomweyo pa *211# (Airtel Money) kapena *444# (Mpamba). Musadule foni asanakupatseni nambala ya dandaulo lanu, ndipo muilembe penapake.

Pomwe nkhani zambiri zimafera ndi pa umboni. Munthu akapsa mtima amafufuta mauthenga onse, kapena kuimbira wakubayo n'kumutukwana. Zonsezi n'kudzipweteka wekha. Wakuba akadziwa kuti mwatulukira amathyola simu, amafufuta zomwe analemba pa WhatsApp, tsamba lake la pa Facebook n'kulisintha dzina. Choncho musanamuyankhe kalikonse, jambulani zonse zili pa foni: macheza anu, nambala yake, chithunzi chake, malonda omwe anaika.

Chofunika kuposa zonse ndi uthenga uja umabwera ndalama ikangochoka. Uli ndi nambala yapadera ya katumizidwe kameneko, kuchuluka kwa ndalama ndi komwe yapita. Nambala imeneyo ndiyo akampani amalondolera ndalama yanu. Ngati foni yanu ndi ya mabatani, koperani uthengawo papepala chilembo ndi chilembo, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi. Samalani 0 ndi O, komanso 1 ndi I, chifukwa chilembo chimodzi chikaphonyeka akuuzani kuti sakuiona. Mafoni a mabataniwa amadzaza msanga, ndiye musati pofufuta mauthenga akale mufufutire limodzi umenewu.

Mukatero pitani ku polisi yapafupi ndi chiphaso cha unzika, foni ija ndi mapepala a umboni. Kusindikiza masamba awiri atatu pa sitolo ya fotokope si ndalama yambiri, ndipo n'kwabwino kusiyana n'kuti foni yanu itsale kumeneko. Pofotokoza, tsatani ndondomeko: anaimba nthawi yakuti, anati ndi wa bungwe lakuti, ndinatumiza zakuti. Osachita manyazi n'kubisa kuti munatumiza nokha, chinyengo ndi mlandu ndithu. Ngati ndalama ndi yochuluka, funsani za nthambi ya polisi yoona milandu ya chinyengo cha ndalama, ya Fiscal and Fraud. Lembani dzina la wapolisi yemwe akuyendetsa nkhaniyo ndi nambala ya mlandu. Mukalipira lipoti la polisi, tengani lisiti ya boma.

Akampani sangakupatseni inu mbiri ya mwini nambala. Apolisi ndiwo amakatenga zimenezo kudzera m'chilolezo cha khoti. Dzina lomwe latuluka pa uthenga musalikhulupirire kwambiri, akuba ambiri amalembetsa simu ndi chiphaso cha munthu wina, mwina gogo wa kumudzi yemwe sakudziwa n'komwe.

Chenjeraninso ndi anthu omwe amatulukira mukangodandaula pagulu, ati amabweza ndalama zobedwa bola muwapatse kangachepe koyambira. Nawonso ndi akuba. Wa kampani weniweni safunsa PIN.

Kampani ya foni ikangokhala chete, lemberani MACRA, bungwe loyang'anira makampani a foni. Ngati nkhani ikukhudza banki kapena kayendetsedwe ka ndalama za pa foni, dandaulo lipite ku Reserve Bank of Malawi, mutasonyeza kuti munayamba mwadandaula kwa eni akewo. Wamalonda wodziwika yemwe wakugulitsani katundu wachinyengo n'kukana kubweza ndalama, ameneyo ndi wa Competition and Fair Trading Commission. Wogwira ntchito m'boma akapempha chiphuphu, ndi Anti-Corruption Bureau. Konseku kalata ikhale yaifupi, muphatikize makope a umboni, zenizenizo musunge kunyumba.