Kwa anzanga obetcha, ngongole imayamba chonchi

Anzanga obetcha mpira ndi kandege kaja, gemu yobetcha ya pa foni ija, ndingokuuzani zomwe zinandithandiza ine. Vuto si K2,000 yoyamba ija ayi, vuto ndi pomwe wadyedwa kenako mtima nkumati ndibweze yanga, ndiye umatapa ya lendi, mawa wakongola pa foni, mkucha uli pakhomo pa wakatapila wasiyako khadi ya ATM ndi PIN yomwe. Ine ndinafika posiya foni pinyolo chifukwa cha tikiti yobetchera magemu angapo yomwe inaphedwa ndi timu imodzi basi, chigoli cha mphindi ya 89.

Ndiye malipiro akangolowa tsiku lomwelo lipirani lendi, gulani thumba la chimanga, mayunitsi a magetsi, fizi ya ana, yotsalayo patsani madamu kapena ikani ku banki m'khonde komwe simungaitenge pakati pa usiku. Mu Airtel Money kapena Mpamba musamasiyemo yambiri, chala chimayabwa. Ndalama yokongola musabetchere olo mnzanu alumbire kuti gemu iyi ndi ya shuwa. Ma app obetchera aja ndinafufuta, gulu la WhatsApp la ma odds ndinatulukamo, Loweruka ndimapita kukaonera mpira mthumba muli ya Fanta yokha.