Munachitidwa opaleshoni ya mtima muli mwana? Musanatenge mimba, werengani izi

Ena mwa ife tili ndi chipsera chachitali pachifuwa. Tinabadwa ndi bowo mu mtima kapena vuto la valavu, tinakachitidwa opaleshoni, mwina ku India, ndipo kunyumba anati "anachira." Koma mtima wosokedwa sufanana ndi wobadwa bwinobwino. Mayi akakhala ndi pathupi magazi amachuluka pafupifupi ndi theka, ndiye mtima umene unkangopirira mwakachetechete ukhoza kuyamba kulephera.

Choyamba, funafunani mapepala a opaleshoniyo. Nthawi zambiri ali m'sutikesi ya amayi kumudzi. Auzeni awajambule akutumizireni pa WhatsApp, chifukwa ngati mukukhala kunja, dokotala wa ku Leeds kapena Johannesburg sangalote zimene zinasokedwa mkatimo. Kutseka kabowo kakang'ono n'kosiyana kwambiri ndi opaleshoni ya Tetralogy of Fallot (mavuto anayi a mtima obadwa nawo pamodzi) kapena ya Fontan (ya amene mbali imodzi yokha ya mtima ndiyo imapopa magazi). Amene ali ndi pulmonary hypertension (kuthamanga kwa magazi m'mitsempha ya m'mapapo) amalangizidwa kuti asatenge mimba n'komwe, chifukwa moyo wawo umakhala pachiswe.

Kaonaneni ndi dokotala wa mtima mimba isanabwere, osati mutadumphitsa mwezi. Ku Britain pemphani GP wanu (dokotala amene mumayamba kuonana naye) akutumizeni ku kiliniki ya ACHD, ya akuluakulu obadwa ndi vuto la mtima. Mankhwala ena amavulaza mwana m'mimba: warfarin (woletsa magazi kuundana), makamaka pa masabata 6 mpaka 12, komanso enalapril ndi ramipril (a BP ndi mtima). Koma musasiye nokha! Amene ali ndi valavu yachitsulo akasiya warfarin, magazi akhoza kuundana. Dokotala ndiye amasintha mankhwala.

Ku sikelo nenani za mtima wanu tsiku loyamba, ngakhale azamba asanafunse. Pemphani kuti mtima wa mwana awuunike pa masabata 18 mpaka 22, popeza vutoli nthawi zina limatsata magazi.

Nkhani ya mapepala okhalira m'dziko isakuchititseni kubisala. Ku England chisamaliro cha oyembekezera sachikana, ngakhale bilu ibwere pambuyo pake.

Mukamabanika mutagona chagada, mtima ukamagunda mosokonekera, mukakomoka kapena kumva kuwawa pachifuwa, musadikire kuti abambo aweruke ku shifiti. Imbani 999 ku Britain, kapena 112 pa foni yam'manja ku South Africa. Zimenezi zimachitikanso mutabereka kale, makamaka masabata oyambirira, nthawi imene aliyense maso ali pa khanda.