Kuphwanya chiganizo cha Chingerezi: yambani ndi mneni

Chiganizo cha Chingerezi chikakuzunguzani mutu, musalimbane ndi mawu oyambirira. Sakani mneni kaye. Ikani liwu loti "yesterday" kutsogolo kwa chiganizocho, muone liwu limene likukakamizika kusintha. Mu "The box of old letters sits on the shelf", liwu la "sits" lisanduka "sat". Mneni ndi ameneyo.

Mukampeza, mufunseni kuti: ndani kapena n'chiyani chikuchita zimenezi? Yankho lake ndiye mwininkhani. Chimene chili pa shelefu ndi "box", osati "letters". Apa m'pamene ophunzira ambiri amapunthwa, chifukwa khutu limamva "letters" pafupi ndi mneni, dzanja n'kulemba "sit". Phimbani ndi chala kagulu ka mawu koyamba ndi mperekezi monga "of", "in" kapena "with", muwerenge zotsalazo: "The box sits". Mwininkhani sakhala m'kati mwa kagulu kotereka.

Lemba la s nalo n'losokoneza. Likakhala kumapeto kwa dzina limasonyeza zinthu zambiri, koma kumapeto kwa mneni wa nthawi yatsopano limasonyeza chinthu chimodzi: "the dog barks", "the dogs bark". Alowam'malo "I" ndi "you" salandira s ameneyu. Mawu ngati "everyone", "each" ndi "nobody" amatengedwa ngati munthu mmodzi ngakhale m'maganizo mukuona khamu, ndiye lembani "everyone knows". Chiganizo chikayamba ndi "there", mwininkhani amabwera pambuyo pa mneni: "There are two reasons".

Liwu lothera ndi -ing silinyamula chiganizo palokha. "The girl running home" n'chiduswa chabe mpaka mutaikapo "is" kapena "was".

Tsopano werengani nthambi. Mneni aliyense amene ali ndi mwininkhani wakewake ndi nthambi imodzi. Nthambi imene yayamba ndi "because", "although", "if" kapena "when" siima payokha, imafuna inzake yoitsamira. Vuto lalikulu limabwera nthambi ziwiri zoima pazokha zikalumikizidwa ndi mpatuliro wokha: "The rain stopped, we went outside". Mpatuliro ulibe mphamvu yomanga ziwirizi. Ikani mpumiro pakati, kapena onjezani mlumikizi monga "and" kapena "so" pambuyo pa mpatulirowo, kapenanso sandutsani imodzi ikhale yotsamira: "When the rain stopped, we went outside". Chenjerani ndi "however". Amaoneka ngati "but", koma ndi muonjezi, choncho kutsogolo kwake kumafunika mpumiro kapena semicolon (chizindikiro cha ;).

Luso lomweli ndi limene limathandiza posanthula ndakatulo kapena nkhani. Musangolemba kuti ndimeyi ndi yomvetsa chisoni. Dulani mzere kunsi kwa aneni onse, muone amene wolemba wamupatsa malo a mwininkhani. Mwana m'nkhani akanena kuti "The window was broken", m'malo mwa "I broke the window", wochita wabisika, ndipo mwanayo akuzemba mlandu. Ziganizo zitatu zazifupi zotsatizana pambuyo pa chachitali zimafulumizitsa owerenga, kawirikawiri pamene pali mantha kapena ndewu. Poyankha funso, tchulani mawu enieniwo m'zizindikiro za mawu ogwidwa, nenani mmene amangidwira, kenako fotokozani zimene kamangidweko kakuulula za mpangankhani.