Momwe mungagulire ndi kumwa mapilisi a papaya osadzipweteka

Anthu ena muno mu Chipata ayamba kumwa mapilisi a papaya akadya nyama yambiri mimba nkutupa. Mankhwala ali mkatimo amatchedwa papain, amachokera mu utomoni woyera uja umatuluka mukakanda papaya wosapsa. Ntchito yake ndi kuphwanya maprotini, nchifukwa chake agogo ankakulunga nyama ya mbuzi yolimba m'masamba a papaya kuti ifewe.

Choyamba dzifunseni ngati ndinu woyenera. Amayi apakati ayi, utomoni wa papaya wosapsa ungathe kuyambitsa kupweteka kwa chiberekero nthawi isanakwane. Amene mumamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ayinso, magazi angachedwe kusiya kutuluka mukadzicheka. Ngati magolovesi a labala amakutulutsani zidzolo, thupi lanu lingakanenso papaya. Enanu a shuga ndi BP funsani kaye ku kiliniki, kufunsa sikulipilitsa.

Chachiwiri ndi kugula, ndipo apa ndikhalitsapo. Ine ndinagulapo ufa wake kwa munthu wina wa pa Facebook, anabwera nawo mukapulasitiki kopanda dzina, akuti wachokera kunja ndipo ngwamphamvu kuposa wa mu kemisti, mtengonso unali wotsika mwakuti unangondikopa. Ndinathira supuni m'madzi nkumwa ndisanadye kanthu, usiku wonse kukhosi kunawotcha ngati ndameza tsabola wa kambuzi, m'mawa olo phala kumeza kunali kovuta. Papain wochuluka amanyula kummero ndi m'kamwa, paja iye sasankha kuti iyi ndi nyama ya m'mbale iyi ndi yanu. Wogulitsa uja ndikumuimbira foni, zii. Manje ndimagula mu kemisti yokhala ndi laisensi ya ZAMRA (bungwe loyang'anira mankhwala mu Zambia) basi, botolo lomata bwino, lolembedwa mlingo wa papain pa pilisi lililonse, tsiku lotha ntchito ndi dzina la kampani. Mapilisi akakhala omatana kapena onyowa mubotolo siyani, chinyezi chalowa. Inde ndi odula, koma aja oyalidwa padzuwa pafupi ndi siteshoni ya mabasi olo atakutsitsirani bwanji musatenge. Mabotolo ena amasakaniza ndi bromelain, mankhwala enanso ophwanya maprotini ochokera m'nanazi, werengani pambali.

Kamwedwe nkosavuta, ambiri ndi otafuna, mukudya kapena mutangomaliza, mlingo wa pabotolo osaonjezera. Milomo ikatupa kapena mpweya ukamabanika thamangani kuchipatala pompo. Ngati muli ndi opaleshoni auzeni adokotala, nthawi zambiri amati musiye milungu iwiri isanafike.

Kusunga ndiye mukudziwa kale, pouma, kutali ndi ana poti amakoma ngati switi. Zoti amachiza zilonda za m'mimba kapena khansa ndi nkhani za ogulitsa, mimba ikamapitiriza kuwawa, mukuwonda kapena chimbudzi chikuda, pitani ku chipatala cha Chipata Central akakupimeni.