Musanamange camshaft yatsopano, yezani maretainer a mavalavu

Amakanika ambiri akamasintha camshaft, chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavalavu a injini, pofuna kuti injini ikhale ndi mphamvu zowonjezera, maso awo amakhala pa camshaft ndi masipuling'i a mavalavu okha, ndipo kachitsulo kozungulira kamene kamakhala pamwamba pa sipuling'i, kotchedwa retainer, amangokabwezeretsa osakayang'ana n'komwe. Ntchito ya kachitsuloka ndi kugwira sipuling'i ndi kuimangirira ku tsinde la valavu pogwiritsa ntchito tizitsulo tiwiri totchedwa makoleti, timene timalowa m'kamzere kamene kali kumapeto kwa tsindelo. Popeza camshaft imazungulira kamodzi pamene crankshaft (chitsulo chimene mapistoni amazunguza) yazungulira kawiri, injini ikafika pa 6,000 rpm (kuzungulira ka 6,000 pa mphindi imodzi) valavu iliyonse imatseguka ndi kutsekeka ka 50 pa sekondi imodzi, ndipo mphamvu yonse yobwezera valavuyo pamalo pake imadutsa pa retainer ndi makoleti akewo. Zimenezi zikangolekerera, valavu imagwera mu silinda n'kuwombana ndi pistoni, ndipo kawirikawiri hedi, pistoni ndi silinda yomwe zimawonongekera limodzi.

Langizo langa ndi lakuti retainer izitsatira sipuling'i. Ngati mukuika camshaft yofanana ndi yakale chifukwa yakaleyo inaperepeseka, ndipo masipuling'i akadali ndi mphamvu yake, palibe chifukwa chogulira maretainer atsopano, bola muwatsuke ndi kuwayang'anitsitsa ngati alibe ming'alu komanso ngati bowo la pakati silinakule. Koma camshaft yotsegula mavalavu kwambiri nthawi zambiri imafuna masipuling'i olimba, ndipo amenewa akhoza kukhala okulirapo m'mimba mwake, kapena kukhala awiri, ina mkati mwa inzake, kapena kukhala opyapyala kumtunda monga amene General Motors inaika pa injini ya LS1 mu 1997. Retainer yakale siingakhazikike bwino pa sipuling'i ya msinkhu wina, ndipo ikamagwedera imadyeka pang'onopang'ono mpaka kusweka. Zikatero, gulani maretainer amene wopanga masipuling'iwo watchula, osati ongofanana nawo m'maonekedwe.

Chimene chimaiwalika kwambiri, ndipo ndi chimene ndikufuna kuti tichimvetse bwino, ndi mpata wa pakati pa kunsi kwa retainer ndi pamwamba pa valve seal, kalabala kamene kamaletsa oilo kutsikira mu silinda kudzera pa tsinde la valavu. Valavu ikamatsika kwambiri, retainer nayo imatsika nayo, ndipo ikafika pogunda seal kapena guide (kapaipi kamene tsinde la valavu limayendamo), pushrod (kandodo kokankhidwa ndi camshaft) imapindika, rocker (kamkono kokankha valavu) imathyoka, kapenanso camshaft yatsopanoyo imadyeka isanagwire n'komwe ntchito. Chitsanzo chodziwika ndi mahedi a Vortec amene anayamba kutuluka pa mainjini a Chevrolet a malita 5.7 mu 1996: amalowetsa mpweya bwino kwambiri, koma guide yake ndi yaitali, moti valavu ikatseguka kupitirira mamilimita 11 kapena 12 retainer imakhala itafika kale pa seal. Eni ake amachita kufupikitsa guide pa makina kapena kusintha masipuling'i ndi maretainer omwe.

Kuyeza kwake si kovuta. Chotsani sipuling'i, ikani retainer ndi makoleti pa valavu, kokerani valavuyo m'mwamba mpaka itatsekeka, kenaka muyeze ndi chida choyezera chotchedwa vernier kuchokera kunsi kwa retainer kufika pamwamba pa seal. Pa muyezo umenewo chotsanipo kutalika kumene valavu idzatsegukire, pokumbukira kuti pa injini yokhala ndi marocker muyenera kuchulukitsa kutalika kwa lobe (bampu la pa camshaft) ndi ratio ya rocker (nambala yosonyeza kuti rocker imachulukitsa kangati kutalikako), imene pa injini ya small-block Chevrolet ndi 1.5. Mpata wotsalawo usachepere mamilimita 1.5. Motero valavu yotseguka mamilimita 12.7 ikufuna mpata wa mamilimita 14.2 kapena kuposerapo. Yezani valavu iliyonse payokha, chifukwa hedi imene inakonzedwapo kale imakhala ndi mipando ya mavalavu yosiyana kuya kwake.

Retainer imakhudzanso kutalika kwa sipuling'i ikamangidwa. Sipuling'iyo ikafupika kuposa mmene wopanga ananenera, makoyilo ake amakhudzana valavu isanathe kutseguka, ndipo ikatalika kwambiri imakhala yofooka, valavu n'kumadumpha pa mpando wake injini ikathamanga. Pano naponso siyani mpata wa mamilimita 1.5 makoyilo asanakumane. Mainjini ena akale ali ndi zitsulo zonenepa zozunguza valavu ya ekizozi, zotchedwa rotator, ndipo zimenezi ndi zolemera moti amazichotsa poika camshaft yamphamvu, koma mukazichotsa muyenera kubwezeretsa kutalika kotayikako ndi mashimu (mawashala oika pansi pa sipuling'i) kapena sipuling'i yoyenerana ndi malowo.

Pa makoleti, musasakanize. Alipo opendekeka madigiri 7 ndi ena madigiri 10, ndipo ayenera kugwirizana ndi bowo la retainer, kunenepa kwa tsinde la valavu, komanso chiwerengero ndi maonekedwe a timizere take. Koleti ya madigiri 7 ikhoza kuoneka ngati yalowa bwino mu retainer ya madigiri 10, chikhalirecho ikugwira ndi kamlomo kokha. Mukagula maretainer atsopano, gulaninso makoleti ake, pakuti mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa hedi.

Ena amakopeka ndi maretainer a titanium chifukwa ndi opepuka kuposa achitsulo, ndipo n'zoona kuti pa galimoto ya mpikisano kupepukako kumathandiza valavu kutsatira camshaft injini ikathamanga kwambiri. Koma titanium imadyeka msanga pamene yakhudzana ndi sipuling'i, choncho imafuna kumasulidwa ndi kuunikidwa pafupipafupi. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku, imene hedi yake siitsegulidwa kwa zaka zambiri, imayenera maretainer achitsulo cholimba, ndipo a aluminiyamu asaikidwemo ngakhale atakhala otsika mtengo motani.

Mukamaliza kumanga, menyani pang'ono nsonga ya valavu iliyonse ndi hamala ya pulasitiki kuti makoleti akhazikike, muyang'ane ngati kunsi kwa rocker sikukukhudza m'mphepete mwa retainer, kenaka muzungulitse injini ndi sipanala maulendo awiri athunthu musanailize. Ikalimba pena paliponse musaikakamize. Masulani ndi kuyezanso.