Momwe mungapangire thireyi ya matabwa yoika pa bafa kuti isaole

Thireyi yopingasa pa bafa, yoikapo sopo ndi chinkhupule, imakhala mu nthunzi ndi madzi tsiku ndi tsiku. Thabwa likakhala lolakwika, ngakhale vanishi wodula chotani sangaipulumutse, choncho yambani ndi thabwalo.

Ku msika wa Buseko mu Lusaka funsani mukwa, womwe ena timautcha mlombwa. Mtengowu supindika msanga chinyezi chikasintha, suola wamba, ndipo umapalika bwino. Sankhani mtima wake wofiirira, osati mbali yoyera ya kukhungwa, chifukwa imeneyo imafumbwa. Mukusi nawo ndi wabwino, ndi uja ankayalira njanji, koma ndi wolemera ndipo umabunthitsa zida. Paini ndi wotchipa, komabe ndi wofewa ndipo amamwa madzi. MDF ndi chipboard, matabwa opangidwa pomata utuchi ndi tizidutswa ta mitengo, musayese n'komwe: zimafufuma ngati buledi m'tiyi.

Funso lalikulu n'lakuti thabwalo lauma kodi? Longocheka kumene limalemera ndipo limazizira mukaligwira. Lotere lisanjikeni pamthunzi, timitengo pakati kuti mphepo idutse, mulisiye milungu ingapo, kapena miyezi ngati ndi lochindikala. Mukafulumira, lidzauma thireyi itatha kale, n'kung'ambika pomwe munamata.

Yezani bafa lanu kuchokera mphepete ina kufika ina. Ambiri amakhala pafupifupi masentimita 70 m'lifupi, koma yezani lanulo. Ine ndimakonda timatabwa ting'onoting'ono tondandalika, totalikirana theka la sentimita, kusiyana ndi thabwa limodzi lalikulu, chifukwa madzi amangodutsa osadikha. Kunsi ikani timitanda tiwiri togwira mkati mwa bafa kuti thireyi isaterereke. Ngati mulibe zida, akalipentala a ku Kalingalinga mu Lusaka momwemo akhoza kukuchekerani ndi kukupalirani.

Guluu woyera wamba amafewa akanyowa. Werengani pabotolo: guluu wolembedwa D3 amapirira madzi ongowazikira, D4 ndiye woyenera malo onyowa kawirikawiri. Wa polyurethane amagwiranso, kungoti amachita thovu, ndiye panikizani zolimba mpaka mawa lake, kenako mupale thovulo. Masikuluwu akhale a brass kapena stainless, poti achitsulo wamba amachita dzimbiri n'kusiya madontho akuda pathabwa.

Kwechani ndi sandipepa wokhakhala wa nambala 120, kenako 180, mumalize ndi wosalala wa 220. Makona akhale obulungira pang'ono, chifukwa pakona yakuthwa vanishi sagwira bwino. Gulani marine varnish, vanishi wopakira maboti. Ulendo woyamba musungunuleko monga mwalembedwera pachitini kuti alowe m'thabwa, kenako mupake kawiri kapena katatu, mukukwecha mopepuka ukauma uliwonse. Nyengo ya mvula amachedwa kuuma, pomwe mu Ogasiti vuto ndi fumbi la mphepo, ndiye pakirani m'chipinda cholowa mpweya, osati pabwalo.

Apa ndi pomwe ambiri amaonongera ntchito: amapaka pamwamba pokha. Kunsi ndi kumene nthunzi imamenya, ndipo kumapeto kwa thabwa, kumene linachekedwa, ndi kumene kumayamwa madzi kwambiri. Pakani mbali zonse mofanana, kumapetoko muonjezere kawiri.

Madzi a mu Lusaka, makamaka a m'zitsime zobowola, ali ndi laimu wambiri ndipo amasiya zoyera akaumira pa vanishi. Mukatha kusamba pukutani thireyi, muiimike kukhoma. Mukaona vanishi wayamba kusweka, kwechani pamenepo ndi kupakanso madzi asanalowe.