Kuyenda pansi kuchokera ku Zumaia kukafika ku Deba

Munthu amene anakulira ku Nkhotakota kapena ku Mangochi amaudziwa mwera ndi mafunde ake, koma sanazolowere nyanja imene imaphwa ndi kudzaza kawiri tsiku lililonse. Chimenechi ndicho choyamba kuchiganizira musanapite ku Zumaia, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Gipuzkoa, kudera la Abasque kumpoto kwa Spain. Kumeneko madzi amatha kukwera mamita 4 pa maola 6 okha, moti thanthwe limene munakhalapo m'mawa limakhala litamira masana. Onani nthawi ya kuphwa kwa madzi pa intaneti kapena mufunse ku ofesi ya alendo, ndipo mukonze tsiku lanu lonse motsatira nthawi imeneyo.

Amene muli ku Britain ndi pasipoti ya Malawi kumbukirani kuti chilolezo chokhala kumeneko sichikulowetsani mu Spain. Pamafunika viza ya Schengen.

Sitima ya Euskotren yochokera ku San Sebastián imafika ku Zumaia ola lisanathe. Mukatsika, tsatirani mtsinje mpaka pakati pa tauni, mudutse pa tchalitchi cha San Pedro chooneka ngati linga, kenako mukwere chitunda chopita ku katchalitchi koyera ka San Telmo, kamene kali pamphepete penipeni pa phompho. Pansi pake pali gombe la Itzurun, ndipo apa ndi pamene ndikukupemphani kuti musafulumire. Miyala yake, imene amaitcha flysch, ndi yosanjikizana ngati masamba a buku loimika: kale inali matope ndi mchenga pansi pa nyanja, ndipo inatukulidwa pamene mapiri a Pyrenees ankapangika. Pakagombe ka Algorri, chapafupi pomwepo, pali kamzere kakuda kopyapyala ka zaka 66 miliyoni, kanthawi imene chimwala chochokera kumwamba chinagwa n'kuthetsa nyama zikuluzikulu za fuko limodzi ndi Malawisaurus wa ku Karonga uja. Derali ndi lotetezedwa ndipo bungwe la UNESCO limalizindikira, choncho musagumule mwala uliwonse woti mukaonetse kunyumba.

Kuchokera apa kukafika ku Deba ndi makilomita pafupifupi 14, ulendo wa maola 4 kapena 5 wokwera ndi kutsika. Tsatirani timizere tofiira ndi toyera ta njira ya GR 121 topakidwa pamitengo ndi pamiyala. Mivi yachikasu ndi ya anthu a paulendo wachipembedzo opita ku mzinda wa Santiago de Compostela, ndipo m'malo ena imalowera kumtunda, kutali ndi nyanja. Njirayi imadutsa m'madambo a ng'ombe ndi nkhosa za eni ake, choncho chipata chilichonse chimene mwatsegula muchitsekenso. Ku Sakoneta madzi akaphwa pamatsala bwalo lalikulu la miyala ya mizeremizere, loterera ndi ndere. Mukaona madzi ayamba kulowa m'timing'alu, bwererani kumtunda nthawi yomweyo. Nambala ya ngozi ndi 112.

Valani nsapato zogwira nthaka, ndipo tengani madzi, kamba ndi jekete, chifukwa mvula yamawawa, imene eni dera amaitcha sirimiri, imabwera ngakhale m'chilimwe chawo n'kusandutsa njira matope.

Ku Deba sitima yomweyo idzakubwezerani. Mukafika madzulo malesitilanti atatseka khitchini, m'mabala mumakhalabe pintxos, tizakudya ting'onoting'ono toyala pakauntala, ndipo polipira nenani kuti eskerrik asko, zikomo wa Chibasque.